Chithunzi chikachita chimbuuzi m'makatuni a pa intaneti

Ophunzira kupanga zithunzi zoyendayenda amandifunsa kawirikawiri kuti: bwanji mizere ndi zilembo zimene ndajambula mupulogalamu zikuoneka bwinobwino, koma chithunzi cha kamera chimene ndalowetsamo chachita chimbuuzi? Ambiri amathamangira kuloza chala pulogalamuyo, chonsecho nthawi zambiri ilibe mlandu.

Zimene mwajambula nokha zija ndi vector, kutanthauza malangizo a masamu: bwalo likhale apa, lalikulu chonchi, lofiira. Mukalikulitsa kakhumi, kompyuta imawerengeranso n'kujambula lina losalala ngati loyamba. Chithunzi cha kamera ndi bitmap, ndipo chimapangidwa ndi timadontho towerengeka totchedwa mapikiselo. Ngati chili ndi timadontho 400 m'lifupi, ndi 400 basi. Mukachitambasula kuti chifike 700, towonjezerato tilibe kochokera, ndiye kompyuta imachita kulota posakaniza mitundu ya timadontho toyandikana. Chimbuuzi chimabadwira pamenepo. Vutoli linavutitsa anthu m'masiku a Flash, pulogalamu yakale yopangira makatuni a pa intaneti, ndipo pamene Flash Player yoonetsera makatuniwo inatsekedwa kumapeto kwa 2020 silinapite nayo. Lilipobe mupulogalamu ya Adobe Animate, komanso mumafayilo a zithunzi za pa intaneti a mtundu wa SVG ndi Lottie.

Kutambasula n'kosavuta kukugwira. Chimene chimazunguza mutu ndi chithunzi chimene simunachikulitse n'komwe, chili pa 100 peresenti, koma sichikuoneka bwino. Pamenepo yang'anani manambala osonyeza malo amene chakhala. Mupeza X, nambala yosonyeza malo ake kuchokera kumanzere kupita kumanja, ili pa 120.5 m'malo mwa 120. Sikirini ilibe theka la kadontho. Taganizirani kamzere kakuda, konenepa kadontho kamodzi, pamalo oyera: kakagwera pakati pa timadontho tiwiri, kompyuta imakagawira tonse tiwiri, ndipo m'malo mwa kamzere kamodzi kakuda mumaona iwiri yotuwa. Izi zikachitika pachithunzi chonse, nsidze, tsitsi ndi zilembo zonse zimafota.

Theka limeneli limakonda kulowa mozemba. Chithunzi chotambalala timadontho 301 mukachikhazika kuti pakati pake ndiye pakhale poyambira kuyeza, m'mphepete mwake mumagwera pa 150.5 inu musanakhudze chilichonse. N'chifukwa chake ine ndimadula zithunzi zanga kuti miyezo yake ikhale yogawika ndi 2, kapena ndimayeza kuchokera pangodya ya pamwamba kumanzere. Muonenso chimene chanyamula chithunzicho. Icho chikhoza kukhala pa 100 peresenti, koma gulu limene mwachiikamo lili pa 97. Chithunzi chikamayenda, kudutsa pamatheka n'kosapeweka ndipo diso silizindikira. Chofunika ndi pamene chikaimire.

Mu Animate muli kabokosi kolembedwa Allow smoothing. Kachongeni pachithunzi chimene chizizungulira kapena kusintha kukula, apo ayi m'mphepete mwake mudzachita mano ngati sowo. Chokhazikika malo amodzi sichikusowa zimenezo.

Ndiye pali nkhani ya kufinya fayilo. JPEG, mtundu wa fayilo ya zithunzi, imachepetsa kulemera kwa chithunzi pochigawa m'timabokosi ta madontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi n'kutaya zina zimene ikuganiza kuti diso silizifuna, ndipo zotayidwazo sizibwerera. Mukalowetsa JPEG yofinyidwa kale, pulogalamu n'kuifinyanso potulutsa ntchito yomaliza, mwataya kawiri. Chizindikiro chake ndi timathothomathotho tozungulira zilembo. Lowetsani chithunzi chosafinyidwa kuti chifinyidwe kamodzi kokha. Chilichonse chokhala ndi zilembo kapena malire akuthwa chisungeni ngati PNG, imene sitaya kanthu.

Masiku ano muyezo wa kadontho kamodzi pa kadontho kamodzi unasokonekerako. Kuchokera pamene iPhone 4 inatuluka mu 2010, masikirini ambiri amapanikiza timadontho tiwiri kapena titatu pamene kale pankakwana kamodzi. Choncho malo otambalala 300 amafuna chithunzi cha 600 kuti chioneke bwino pafoni. Pezani pamene chithunzicho chimakula kwambiri m'katuni yanu, muchikonzeretu pamuyezo umenewo kuwirikiza kawiri, mupulogalamu yokonzera zithunzi ngati Photoshop kapena GIMP. Musalowetse chithunzi cha 4,000 n'kuchifinyira m'kabokosi ka 300 poganiza kuti mwachenjera: tsamba limachedwa kutseguka, ndipo timizere ting'onoting'ono timanyezimira chithunzi chikamayenda.

Ena amathawira ku Trace Bitmap ya mu Animate, imene imasandutsa chithunzi kukhala vector. Pa logo ya mitundu iwiri kapena itatu imathandizadi, ngakhale kuti kuijambulanso pamanja kumatuluka bwino koposa. Pankhope ya munthu musayese. Imatulutsa tizidutswa tambirimbiri tolemera kuposa chithunzi chenichenicho, ndipo munthuyo amaoneka ngati wamatidwa zigamba.