Ayi, ku Ireland sabera mavoti

Mwina mwaonapo pa Facebook ena akuti ku Ireland zisankho zimaberedwa nchifukwa chake zipani ziwiri za Fianna Fáil ndi Fine Gael sizichoka m'boma. Bodza limenelo. Kumeneko amavota papepala, mavoti amawerenga pamanja anthu a zipani zonse ali pompo maso ali tcheru, ndipo makina ovotera omwe boma linagula pamtengo wokwera anangowayesa mmadera ochepa kenako nkuwataya.

Nkhani yagona pa kavotedwe. Sumangochonga munthu mmodzi ayi, umalemba 1, 2, 3 motsatana ndi mmene ukuwafunira, ndiye wako akagwa voti imasamukira kwa wotsatira. Otsatira zipani ziwirizi masiku ano amaponyerana manambalawa, komanso aphungu awo ndi anthu odziwika kumudzi, pamaliro sasowa, vuto la msewu amathamangira okha. Mu 2020 Sinn Féin, chipani china, ndi imene inapeza manambala 1 ambiri koma inaimika anthu ochepa, ndiye akuluakulu awiriwa anakokera a chipani cha Green nkupanga boma limodzi, koyamba chiyambireni.

Ovota akakwiya amalanganso zedi, mu 2011 chuma chitagwa Fianna Fáil inatsala ndi mipando 20 yokha basi m'nyumba ya malamulo.