Mwatuluka m'chipatala mutadwala sepisisi, koma kodi impso zanu zachira?

Sepisisi ndi pamene tizilombo tafalikira m'thupi n'kuyamba kuwononga ziwalo. Imayambira pa chibayo, bala lamafinya, matenda a m'chikhodzodzo kapena a m'chiberekero mayi akangobereka. BP imatsika, magazi safika okwanira ku impso, ndipo timasefa ta mkati mwake timavulala.

Nkhawa yathu ife azachipatala ili kunyumba. Wodwala akatuluka, abale amati wachira, kapepala kobwerera kuchipatala n'kutayika. Impso zovulala sizipweteka. Munthu amatha kuyenda, kudya nsima bwinobwino, impso zikufooka mwakachetechete.

Pakatha miyezi 3 bwererani mukayezetse magazi a creatinine (oonetsa mmene impso zikusefera zoipa), mkodzo ndi BP, ngakhale mukumva bwino. Pitani ndi buku lanu lachipatala, muwauze kuti munagonekedwa ndi sepisisi.

Koma musadikire miyezi 3 mukaona izi: kutupa mapazi kapena nkhope, makamaka m'mawa, mkodzo wochita thovu, mkodzo wosadzaza botolo la 500 ml tsiku lonse, nseru, kuyabwa thupi, kubanika mukagona chagada. Pitani tsiku lomwelo.

Kutupa kumeneku si tsempho, ndipo palibe amene wakulodzani. Ndi madzi ndi mchere zomwe impso zalephera kutulutsa. Ena amayamba kwa sing'anga, amamwa mitsitsi milungu ingapo, pofika kwa ife magazi atadzaza zoipa. Mankhwala azitsamba alibe mlingo, ndipo zambiri zomwe mwamwa zimadutsa m'impso zomwezo zomwe zatopa kale.

Musagule Brufen, diclofenac kapena Indocid pagolosale. Amachepetsa magazi opita ku impso. Pa ululu imwani Panado. Mchere usapitirire sipuni yaing'ono imodzi patsiku, kuphatikizapo wa m'ndiwo. Ngati mumamwa ma ARV kapena metformin wa shuga, musasiye nokha. Auzeni adokotala, chifukwa mlingo kapena mtundu ungafunike kusintha. Mukatsegula m'mimba kapena kusanza, yambani Thanzi ORS msanga ndipo pitani kuchipatala.

Impso zikafa sizibwereranso. Chotsala kwa ambiri ndi makina osefa magazi a dialysis, monga aku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, kangapo pa sabata, maola pafupifupi 4 ulendo uliwonse, ndipo malo ake ndi ochepa.