Mfuti za rimfire magnum: yambani mwasankha chipolopolo, mfuti ibwere pambuyo

M'masitolo a mfuti ku America, ku Britain ngakhale ku South Africa, munthu akafunsa .22 Magnum nthawi zambiri amakhala kuti wakopeka kale ndi mfuti inayake, ya mtengo wosalala kapena ya magazini yaikulu. Njira imeneyi ndi yokhota. Chimene chimagwira ntchito ndi chipolopolo, ndipo chipolopolo cha magnum chimapereka mphamvu yake pokhapokha chikapeza mpope wautali mokwanira. Mukalakwitsa pamenepa mumalipira ndalama zambiri kugula phokoso ndi moto.

Chipolopolo cha rimfire chilibe kapu yoyatsira pakati pa tsinde lake. Mankhwala oyatsira onga amakhala mkati mwa mkombero wa khoko, ndipo msomali wa mfuti umaphwanya mkomberowo kuti moto uyake. Kuti mkombero uphwanyike, khoko liyenera kukhala lopyapyala, ndiye silingapirire mphamvu yaikulu. Nchifukwa chake .22 LR wamba ndi .22 WMR, yomwe ndi .22 Magnum ija, zonse zili ndi malire ofanana a 24,000 psi, muyeso wa mphamvu imene mpweya wa onga umakankhira mkati. Winchester atatulutsa .22 WMR mu 1959 sanakweze malirewo. Anatalikitsa khoko kuchoka pa mamilimita 15.6 kufika pa 26.8, nalikulitsa pang'ono, n'kuikamo onga wambiri woyaka pang'onopang'ono umene umakankha mutu wa chipolopolo kwa nthawi yotalikirapo. Mu mfuti yaitali, mutu wa magreni 40, omwe ndi magalamu 2.6, umatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 570 pa sekondi, pamene .22 LR yothamanga imatuluka pa mamita pafupifupi 380. Mphamvu yake ndi yoposa kuwirikiza kawiri.

Mu 2002 Hornady, mogwirizana ndi Marlin ndi Ruger, anatenga khoko lomwelo n'kulichepetsa pakhosi kuti ligwire mutu wa mamilimita 4.4. Ichi ndicho .17 HMR. Mutu wake wa magreni 17 umathamanga mamita pafupifupi 775 pa sekondi. Mukakonza sikopu kuti ilase pakati pa chandamale pa mamita 90, chipolopolochi chimatsika masentimita pafupifupi 7 pa mamita 140, pamene .22 WMR ya magreni 40 imatsika koposa kawiri pamenepo. Ambiri amaganiza kuti kamutu kopepukaka kamatengedwa kwambiri ndi mphepo, koma pa mamita 90, mphepo yam'mbali ya makilomita 16 pa ola imakapatutsa masentimita pafupifupi 8, ndipo .22 WMR imapatuka koposa pamenepo, chifukwa imachedwa m'njira.

Ndiye bwanji aliyense sangogula .17 HMR? Yankho lili pa zimene mutu umachita ukafika. Mutu wa .17 wa nsonga ya pulasitiki umaphulika n'kukhala tizidutswa ukangolowa m'thupi. Kwa mlimi wa ku England amene akuchepetsa akalulu m'munda mwake, kapena wa ku South Dakota ku America amene akulimbana ndi ma prairie dog, tinyama tonga agologolo tokumba mauna pansi, zimenezi n'zabwino: nyama imafera pomwepo, ndipo chipolopolo sichikonda kunjanja pa nthaka youma monga chimachitira cha .22 LR, ngakhale kuti malo otetezeka kuseri kwa chandamale amafunikabe. Koma amene akufuna ndiwo ayenera kulasa mutu basi, apo ayi phewa lonse la kalulu limasanduka phala. Pa nyama zokulirapo monga nkhandwe, kamutu kopepuka kakagunda fupa la phewa kamatha kuphulikira kunja n'kusiya bala lalikulu losapha. Apa .22 WMR ya magreni 40 kapena 50 imalowa mozama, ndipo mkati mwa mamita 100 ndi yodalirika koposa. Palinso .17 HMR ya magreni 20 imene siphulika msanga, ndipo imachepetsako vutoli osalithetsa. Zonse ziwiri si za agwape kapena nguluwe, ndipo m'madera ambiri a ku America lamulo limaletsa kusaka agwape ndi rimfire.

Pali chachitatu, .17 WSM, chimene chinafika pa msika mu 2013 pamodzi ndi mfuti ya Savage B.Mag. Khoko lake linachokera ku zipolopolo zokhomera misomali m'konkire, ndi lokhuthala, ndipo limakankha mutu wa magreni 20 pa mamita oposa 900 pa sekondi. Pa pepala chimaposa zinzake zonse. Koma mfuti zake ndi zochepa, ndipo kunja kwa America zipolopolo zake zimasowa. Amene akukopeka akumbukire 5mm Remington Rimfire Magnum: Remington anapanga mfuti ziwiri zokha, Model 591 ndi 592, kenako anasiya kupanga zipolopolo zake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo eni mfutizo anakhala nazo m'makabati mpaka Aguila wa ku Mexico atayambanso kuzipanga mu 2008. Khoko la rimfire silidzazidwanso onga kunyumba monga amachitira ndi zipolopolo zikuluzikulu. Musanasankhe, funsani masitolo awiri kapena atatu a kwanuko kuti ali ndi mitundu ingati ya chipolopolo chimenecho pa shelefu lero.

Tikafika pa mfuti yeniyeniyo, bolt action, imene mumakoka ndi dzanja chitsulo chotsekera chipolopolo (bolt) mukangowomba, ndiyo yosavutitsa. CZ 457 yopangidwa ku Uherský Brod m'dziko la Czech Republic, Savage 93 ndi 93R17, Ruger American Rimfire, zonsezi zimalasa bwino pa mtengo wofikirika. CZ 457 ili ndi mwayi wina: mpope wake umagwidwa ndi zomangira ziwiri, ndiye mutha kusintha kuchoka pa .22 WMR kupita pa .17 HMR ndi magazini yomweyo, ngati lamulo la dziko lanu likulola mpope wachiwiri. Amene amakonda lever action, yokokera ndi chogwirira cha pansi pa mfuti, ali ndi za kampani ya Henry, ndipo mfuti zotere zimameza chipolopolo chilichonse cha kukula kwake popanda kudandaula.

Mfuti zodzikokera zokha ndiye pofunika kusamala. Ya .22 LR imagwira ntchito mosavuta: khoko limakankha bolt kumbuyo, ndipo kulemera kwa bolt ndi sipuling'i ndizo zimachedwetsa kutseguka. Onga wa magnum umakhala ukukankhabe nthawi imene bolt yayamba kubwerera, ndiye khoko lalitali lopyapyala limatuluka m'chipinda chake mphamvu isanatsike, n'kung'ambika pafupi ndi nkhope ya wowomba. Vutoli ndi lalikulu pa .17 HMR. Mu 2009 Remington anaitanitsa mfuti zake za Model 597 za .17 HMR kuti zibwezedwe. Mukaona imodzi ikugulitsidwa pa kaunjika, isiyeni. Savage A17 ya mu 2015 inathana ndi vutoli poika kachitsulo kamene kamatseka bolt kwa kanthawi kochepa mpaka mphamvu itatsika. Ngakhale zili choncho, chipinda cha chipolopolo chikhale choyera nthawi zonse, chifukwa mwaye ukaunjikana chipolopolo sichilowa mpaka kumapeto.

Mpope wa masentimita 50 mpaka 56 ndi umene mafakitale ambiri amaika, ndipo ndi wokwanira. Wa masentimita 40 umataya liwiro pang'ono chabe, nchifukwa chake ku Britain, kumene alenje ambiri amaika chochepetsa phokoso kutsogolo, amaukonda. Onetsetsani mazinga a kumapeto kwa mpope: ku Ulaya ambiri ndi 1/2x20 UNF, ku America ndi 1/2x28, ndipo sizilowana. Musayembekezere kuti mfuti ikhala chete, chifukwa zipolopolo zimenezi zimathamanga kuposa mawu ndipo kulira kwake kwa m'mlengalenga sikuchoka. Mpope wonenepa umathandiza pa benchi, koma woyenda nayo tsiku lonse adzaumva paphewa.

Pa sikopu anthu amalakwitsa kawiri. Sikopu yolembedwa rimfire kawirikawiri inakonzedwa kuti ione bwino pa mamita 45, ndiye pa mamita 130 diso likasuntha pang'ono mtanda umasunthanso pa chandamale. Gulani yokhala ndi kagudumu kokonzera vuto limeneli, lotchedwa parallax, ya 3-9x pa .22 WMR, ya 4-12x kapena kuposerapo pa .17 HMR. Chachiwiri ndi zomangira. Njanji yomangirapo sikopu ya mamilimita 11 ya ku Ulaya ndi ya 3/8 inchi ya ku America zimaoneka zofanana, koma mbali zake zinadulidwa mosiyana, ndipo chomangira cholakwika chimapendekeka kapena kutsetsereka pang'onopang'ono.

Mukapeza mfuti, gulani mabokosi a mitundu itatu kapena inayi. Ombani magulu asanu a zipolopolo zisanu pa mtundu uliwonse, pa mamita 50 kenako pa 100, mfuti itatsamira pa matumba a mchenga, m'mawa mphepo isanayambe. Gulu limodzi labwino silitanthauza kanthu. Mfuti yabwino ya .17 HMR imatha kuunjika zipolopolo mkati mwa masentimita 2.5 mpaka 3 pa mamita 90, ndipo .22 WMR ikafika masentimita 4 mwapeza chabwino. Mfuti ziwiri za mtundu umodzi zimatha kukonda zipolopolo zosiyana.

Tsopano zam'manja, kumene dzina la magnum limanyenga kwambiri. Mu revolver ya mpope wa masentimita 16, monga Ruger Single-Six, mutu wa magreni 40 umatuluka pa mamita 420 mpaka 450 pa sekondi. Kunena kwina, mfuti yam'manja ikuposa pang'ono mfuti yaitali ya .22 LR, ndipo kwa wosaka agologolo kapena woyendera misampha ku America zimenezi ndi phindu lenileni. Koma mu kamfuti ka mpope wa masentimita 5, liwiro limagwera pa mamita 300 mpaka 340. Onga wotsalawo umapsera panja, moto wake n'kuthobwa m'maso kukada, phokoso n'kuwawa m'makutu kuposa mmene kukula kwa mfutiyo kungakuuzireni. Zipolopolo za Speer Gold Dot ndi Hornady Critical Defense anazipangira mipope yaifupi, ndipo zimachitako bwino. Za .17 HMR mu mfuti yam'manja, ine sindiona chifukwa chake: mphamvu yonse ya kamutu kameneka ili mu liwiro, ndipo liwirolo ndi limene mpope waufupi umadya.

Single-Six ndi Heritage Rough Rider zimapezeka ndi ma cylinder, zigawo zozungulira zoikamo zipolopolo, awiri, wina wa .22 LR wina wa .22 WMR, ndipo kwa wophunzira ndi njira yabwino: kuyeserera ndi zotchipa, kusaka ndi magnum. Mpope wake anaupangira mutu wa magnum, womwe ndi wonenepako pang'ono, ndiye .22 LR nthawi zina silasa bwino kwenikweni. Ma revolver a double action, amene chala chokha chimakoka ndi kugwetsa hamala, monga Smith & Wesson 648 ya zipolopolo 8, 351PD ya 7, ndi Ruger LCR ya 6, ali ndi trigger yolimba, chifukwa kuphwanya mkombero kumafuna sipuling'i yamphamvu. Anthu amagulira okalamba mfuti zimenezi poti sizikankha kwambiri, kenako n'kupeza kuti chala sichikutha kukhethemula. Kufewetsa sipuling'i kumabweretsa zipolopolo zokana kulira. Pochotsa makoko, lozetsani mpope kumwamba ndipo menyani ndodo yochotsera kamodzi mwamphamvu. Mukalozetsa pansi, timbewu ta onga wosapsa timagwera pansi pa nyenyezi yokokera makoko, ndipo kambewu kamodzi kokha kamakwanira kuti cylinder ikane kutsekeka.

Mapisitolo odzikokera okha, Kel-Tec PMR-30 ya zipolopolo 30, Walther WMP ya 15, ndi Smith & Wesson M&P 22 Magnum, amasankha zakudya. Ambiri amayenda bwino ndi magreni 40 othamanga, n'kumatsamwa ndi magreni 30. Podzaza magazini, mkombero wa chipolopolo chilichonse ukhale kutsogolo kwa mkombero wa chapansi pake. Ukagwera kumbuyo, ziwirizo zimakolana ndipo pisitolo imaima.

Pali zolakwa zitatu zimene zimavulaza anthu. Chipolopolo cha .22 LR chimalowa m'chipinda cha .22 WMR n'kulira, koma ndi chochepa thupi, khoko limang'ambika ndipo mpweya wotentha umabwerera kumaso. Cha .17 HMR nachonso chimalowa m'chipinda cha .22 WMR, ndiye musasunge ziwirizi m'thumba limodzi. Chachitatu ndi cha .17 HMR: khosi la khoko nthawi zina limang'aluka lisanaombedwe, chinyezi n'kulowa mu onga. Mfuti ikalira mofooka, kapena simunaone pamene chagunda, chotsani bolt ndipo suzumirani mumpope kuchokera kumbuyo. Mutu wotsalira mumpope ukagundidwa ndi wina, mpope umafufuma kapena magazini imaphulikira pansi. Yang'anani makosi musanadzaze, ndipo ong'aluka atayeni. Magalasi ndi zotseka m'makutu musazisiye, makamaka pa revolver, imene imalavula mpweya m'mbali pakati pa cylinder ndi mpope.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, walitsani tochi pakamwa pa chipinda cha chipolopolo. Kachibowo kapena kutupa pamene msomali umamenya kumasonyeza kuti mwini wake ankakhethemula mfuti ilibe kanthu, ndipo makoko adzakanirira. Onaninso mlomo wa mpope ngati unagundidwa. Pa .17, ndodo yotsukira ya .22 silowa. Imafuna yakeyake, ya chidutswa chimodzi, yolowetsera kumbuyo, chifukwa ndodo zopyapyalazi zimapinda n'kukanda mpope.

Lamulo nalo limasankha m'malo mwanu. Ku England, Scotland ndi Wales mfuti zam'manja zinaletsedwa mu 1997 pambuyo pa kuphedwa kwa ana asukulu ndi mfuti ku Dunblane, ku Scotland, mu 1996, ndipo mfuti yaitali yodzikokera yokha imaloledwa ya .22 rimfire basi, ndiye A17 kumeneko ndi yoletsedwa pamene .22 WMR yotere ndi yololedwa. Ku South Africa, Firearms Control Act ya mu 2000 imafuna satifiketi yosonyeza kuti mumadziwa kugwiritsa ntchito mfuti, kenako laisensi ya mfuti iliyonse payokha, ndipo wosakhala mlenje kapena wamasewera wolembetsedwa mwapadera saloledwa kusunga zipolopolo zoposa 200 pa mfuti imodzi. Amenewo ndi mabokosi anayi okha a 50, ndiye poyesa mitundu ya zipolopolo muzigula mabokosi awiriawiri.