Mwamuna wa Nora sanam'menyepo

Anthu ambiri akamva zoti sewero likukamba za kuponderezedwa kwa amayi, amayembekezera kuona bambo woledzera atanyamula chikoti, mayi akulira pakona. Masewero otere timawaona kawirikawiri m'masukulu ndi m'matchalitchi kuno ku Harare, makamaka pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza aja, oyambira pa 25 November. Ali ndi ntchito yake. Koma ine ngati mphunzitsi wa zisudzo ndimaona kuti masewero akale amene sanathe mphamvu mpaka lero anapenya patali kuposa chibakera. Anaona kuti ulamuliro wa mwamuna umakhala m'lamulo ndi m'mwambo wonena kuti woyankhula ndani, wosaina ndani, wolowa chuma ndani. Ngakhale mwamuna wofatsa amaugwiritsa ntchito, nthawi zambiri osadziwa n'komwe kuti ali nawo.

Ku Athens, m'chaka cha 458 Yesu asanabadwe, Aeschylus anaonetsa masewero atatu otsatizana otchedwa Oresteia. Mfumu Agamemnon anapereka nsembe mwana wake wamkazi kuti nkhondo imuyendere. Atabwerako, mkazi wake Clytemnestra anamupha. Kenako mwana wawo Orestes anapha mayi ake pobwezera imfa ya bambo ake. M'sewero lachitatu muli mlandu, ndipo mulungu Apollo, poikira kumbuyo Orestes, akuti mayi si kholo lenileni la mwana, amangosunga mbewu imene mwamuna wabzala. Mavoti a oweruza akufanana, ndipo mulungu wamkazi Athena, amene nthano zawo zimati sanabadwe kwa mayi koma anatuluka m'mutu mwa bambo ake, akukhala mbali ya Orestes. Mnyamata uja akumasulidwa. Magazi a mtsikana amene anaphedwa poyamba palibe khothi limene linawazengera mlandu.

Onse amene ankavala zigoba pabwalo lija anali amuna. Clytemnestra anali mwamuna, Athena anali mwamuna, wolemba anali mwamuna. Ku England nakonso, m'nthawi ya Shakespeare, mbali za akazi ankasewera ndi anyamata amene mawu awo anali asanakule. Akazi anayamba kuoneka pa siteji ya ku London mu 1660, Shakespeare atamwalira kale mu 1616. Choncho kwa zaka zambirimbiri mkazi wa m'sewero anali chithunzi chimene amuna ankajambula, n'kuchivala, n'kuonetsa anzawo.

Sewero limene ndimakonda kuyambira pophunzitsa ndi A Doll's House la Henrik Ibsen wa ku Norway, limene linaonetsedwa koyamba ku Copenhagen mu December 1879. Torvald Helmer ndi loya amene wangokwezedwa kumene kukhala mkulu wa banki. Si chidakwa, sayenda ndi akazi ena, sanakwezerepo dzanja mkazi wake Nora. Amamutchula kuti kambalame kanga, kagologolo kanga. Amamupatsa ndalama zapakhomo akumuseka kuti ndi wowononga, amamuletsa kudya timabisiketi totsekemera kuti mano angaonongeke. Akanakhala kuno, apongozi ake akanamuyamikira pamaliro ndi paukwati pomwe.

Chimene Torvald sakudziwa n'chakuti ali moyo chifukwa cha Nora. Zaka zingapo m'mbuyomo iye anadwala mwakayakaya, madokotala nati achoke kozizira apite ku Italy. Ndalama panalibe, ndipo lamulo silinkalola mkazi wapabanja kutenga ngongole popanda chilolezo cha mwamuna wake. Nora anakongola mwamseri, n'kusaina dzina la bambo ake amene anali pafupi kutsirizika. Tsiku limene analemba papepalapo linali masiku atatu bambowo atamwalira kale, ndipo mpamene wobwereketsa anamugwirira. Zaka zonsezo Nora wakhala akubweza ngongoleyo pang'onopang'ono, kudzimana zovala, kukhala usiku akukopera zikalata za anthu kuti apeze kangachepe.

Taonani mmene Ibsen anatcherera msampha. Chinthu cha nzeru ndi cha chikondi kwambiri chimene Nora anachitapo pa moyo wake, lamulo likuchitcha chinyengo. Kalata yowulula itafika, Torvald sakufunsa kuti unavutika bwanji. Akumutcha wabodza ndi chigawenga, n'kumuuza kuti sadzaloledwanso kulera ana ake atatu, koma akhalebe m'nyumbamo kuti anthu asadziwe. Pasanapite nthawi kalata yachiwiri ikufika, wobwereketsa wabweza pepala lija. Mawu oyamba a Torvald ndi onena kuti iye wapulumuka. Nora akuchita kufunsa kuti nanga ine. Apo mpamene akuzindikira kuti zaka 8 za banja sanakhalepo pansi n'kukambirana nkhani yolemera ngati akuluakulu awiri. Akumubwezera mphete, akusiya makiyi, akutuluka.

Mathero amenewa anautsa mapiri pachigwa. Ku Germany, katswiri wa zisudzo Hedwig Niemann-Raabe anakana kusewera mayi wosiya ana ake, mpaka Ibsen, poopa kuti ena angamusinthire sewero, analemba yekha mathero ena mu 1880, mmene Nora akuona ana ali m'tulo n'kulephera kuchoka. Iye mwini anawada mathero achiwiriwo. Ndipo panali mkazi weniweni kuseri kwa nkhaniyi, Laura Kieler, mnzake wa banja la Ibsen, amene anakongola ndalama mwamseri kuti mwamuna wake akachire. Zitaululika, mwamunayo anamutumiza kuchipatala cha odwala misala. Nkhani ya Laura imandipweteka kuposa ya Nora, chifukwa iye sanatuluke yekha pakhomo, anachita kutulutsidwa.

Wina anganene kuti izi n'za azungu akalekale. Koma werengani zaka. M'dziko lino la Zimbabwe, mkazi wachikuda ankatengedwa ngati mwana moyo wake wonse, pansi pa bambo ake kapena mwamuna wake, mpaka lamulo la Legal Age of Majority Act la 1982 linanena kuti aliyense wokwanitsa zaka 18 ndi wamkulu. Apo n'kuti patapita zaka 103 kuchokera pamene Nora anatuluka pakhomo. Agogo athu aakazi a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose anakhala m'sewero limeneli osaliwerenga.

Ndipo lamulo la 1982 silinathetse nkhaniyo. Mu 1999, khothi lalikulu la Supreme Court linagamula mlandu wa Venia Magaya, mwana woyamba wa bambo ake, amene ankalimbana ndi mchimwene wake wa mayi wina pa chuma cha masiye, kuphatikizapo nyumba ya muno mu Harare. Oweruza onse asanu anagwirizana kuti pa mwambo wolowa chuma ndi mwana wamwamuna. Chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti mwana wamkazi amakwatiwa n'kupita kukasamalira banja la eni. Ndikamawerenga chigamulo chimenechi ndimamva mawu a Apollo uja: mkazi ndi wodutsa, mzere ndi wa amuna. Lamulo la chuma cha masiye linali litasinthidwa kale mu 1997, koma bambo a Venia anamwalira kusinthako kusanayambe kugwira ntchito. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anatseka khomo lija: gawo 56 likuletsa tsankho, ndipo gawo 80 likuti mwambo uliwonse wophwanya ufulu wa amayi ulibe mphamvu. Mu January 2016 Constitutional Court inaletsanso ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18, pa mlandu umene anabweretsa amayi awiri achichepere amene anakwatiwa ali ana.

Apa ife Achewa timathamangira kudzitchinjiriza. Timati kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mwamuna amakalowa chikamwini, munda ndi wa mkazi. Nzoona, ndipo ndi chinthu chonyaditsa. Gogo wa ku Dedza kapena ku Kasungu akanamva Apollo akunena kuti mayi si kholo, akanafunsa kuti munthuyu anabadwa bwanji. Koma tifunse moona mtima: pabwalo la milandu ya banja amayankhula ndani? Ankhoswe. Mwini mbumba ndani? Malume. Magazi amayenda ndi akazi, koma mawu amatulukira pakamwa pa mlongo wawo wamwamuna. Kumene ufumu umatsata mzere wa mayi, nthawi zambiri wovala ufumuwo amakhala mwana wamwamuna wa mlongo wa mfumu, ngakhale kuti amayi aakulu a mbumba ndi amene amaloza munthu.

Ngakhale pa gule wathu zili choncho. Za kudambwe sindilowako, si malo ake ano. Ndikunena zimene aliyense amaona pabwalo ku Dzivarasekwa kapena ku Tafara gule akatuluka. Amayi amaimba, kuomba m'manja ndi kululutira, ndipo popanda iwo bwalo silingatenthe. Koma Maliya akamatuluka atavala chitenje ndi mpango, akuyenda monyang'wa, chithunzi cha mkazi chimenecho chakonzedwa kumalo kumene ndi kwa amuna. Munthu amene waphunzira za Athens sangalephere kuona kufananaku.

Kenako panabwera ulendo wa ku Halale. Makolo athu atafika kudzagwira ntchito m'mafakitale, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, nyumba za m'malokeshoni zinkaperekedwa kwa mwamuna wapantchito. Khadi la nyumba linali m'dzina lake. Mkazi amene kumudzi anali pa nthaka ya mayi ake, atazunguliridwa ndi alongo ake, kuno anakhala mlendo m'nyumba ya mwamuna, malume ali kutali masiku angapo. Ambiri tinatengera malowolo kwa anansi athu. Chitetezo chakale chinatsalira kumudzi, koma malangizo aja akuti banja n'kupirira, akuti mwamuna ndi mutu wa banja, anakwera nawo basi n'kufika bwinobwino.

Lero mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika akhoza kutsegula akaunti yakeyake, kusaina ngongole yekha, kulandira ndalama pa foni kudzera pa EcoCash osapempha munthu. Lamulo limene linakola Nora kulibenso. Koma ndimaona amayi amene amadzuka usiku kukapikula katundu, kulipira sukulu fizi, kugula simenti thumba limodzilimodzi, kenako n'kupereka ndalamazo kwa bambo mobisa kuti iwo ndi amene akaonekere pamaso pa abale. Ndimaona nyumba zomangidwa ndi anthu awiri koma pepala lili ndi dzina limodzi. Mayi akafuna udindo kumpingo kapena ku komiti ya zamaliro, wina amatulutsa mwambi uja wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, anthu n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

N'chifukwa chake ndikamakonzekeretsa mnyamata kusewera Torvald, ndimamuletsa kukalipa ndi kutuzula maso. Akamusewera ngati chilombo, bambo aliyense woonera amapuma bwino n'kunena mumtima kuti ine sindili choncho. Ndimamuuza kuti amwetulire, amugwire Nora patsaya mwachikondi, awerenge ndalama mofatsa n'kumuika m'manja imodziimodzi. Kwa mtsikana wosewera Nora ndimapempha chinthu chovuta kwambiri: m'chigawo choyamba aseke ndi kudumphadumpha monga mmene Torvald amakondera, koma chitseko chikangotsekeka, nkhope ibwerere kukhala ya munthu amene akuwerengetsera kuti mwezi uno abweza zingati. Ndipo ophunzira akamalemba masewero awoawo, ndimaonetsetsa kuti cholembera chigwidwenso ndi atsikana, asamangodikira kupatsidwa mbali ya mayi wolira amene mnyamata wawalembera.