Wowombera akati "ndimadziteteza", khoti limayang'ana chiyani?

Pa 19 Julaye 2018, panja pa golosale ina ku Clearwater, m'chigawo cha Florida ku America, Michael Drejka adapeza galimoto itaima pamalo osungira anthu aulumali, ndipo adayamba kukalipira mayi amene adali m'galimotomo ndi ana. Bambo wa anawo, Markeis McGlockton wa zaka 28, adatuluka m'golosalemo n'kukankha Drejka mpaka kugwa pansi. Ali chikhalire pansipo, Drejka adasolola mfuti. McGlockton adayamba kubwerera m'mbuyo, koma chipolopolo chidamupeza ndipo adamwalira tsiku lomwelo.

Kutacha, mkulu wa apolisi a m'dera la Pinellas, Bob Gualtieri, adalengeza kuti samanga Drejka chifukwa lamulo la Stand Your Ground, loti woputidwa sakakamizidwa kuthawa asadadziteteze, likumuteteza. Sipadathe mwezi, oimira boma pa milandu adamutsegulira mlandu wopha munthu mosakonzekera. Mu Ogasiti 2019 adapezeka wolakwa ndipo mu Okutobala adalamulidwa kukakhala kundende zaka 20. Wapolisi ndi khoti adawerenga lamulo lomwelo, adaonera vidiyo yomweyo, koma adasiyana maganizo.

Pa mlandu uliwonse wodziteteza, khoti limafunsa ngati ngoziyo idali ya pompopompo, ngati munthu wanzeru zake akadaopanso imfa kapena kuvulala kwambiri pamalo amenewo, komanso ngati mphamvu zimene wodzitetezayo adagwiritsa ntchito zidali zolingana ndi ngoziyo. Kale m'zigawo zambiri za America mudali funso linanso: kodi mpata wothawa bwinobwino udalipo? Ngati udalipo, munthu amayenera kuthawa asadaphe, pokhapokha akakhala m'nyumba mwake. Lamulo la Stand Your Ground, limene Florida idakhazikitsa mu 2005, Jeb Bush ali bwanamkubwa, lidachotsa funso limeneli. Munthu akakhala pamalo amene ali ndi ufulu wokhalapo, ndipo sakuchita zophwanya malamulo, sakakamizidwa kuthawa. Mafunso enawo adatsala, ndipo ndi amene adagwetsa Drejka. Kukankhidwa n'kukankhidwa ndithu, koma vidiyo idaonetsa kuti pamene amawombera, womukankhayo adali akubwerera.

Mphamvu yeniyeni ya lamuloli ili mbali ina imene anthu saikamba kwambiri. Limati wodziteteza movomerezeka asamangidwe, asazengedwe mlandu, ndipo achibale a womwalirayo asamusumire zachipepeso. Wowomberayo atha kupempha woweruza kuti athetse mlanduwo usadayambe n'komwe. Poyamba iyeyo ndiye amayenera kukhutiritsa woweruza, koma mu 2017 aphungu a Florida adatembenuza zinthu: tsopano ndi boma limene liyenera kubweretsa umboni wamphamvu woti sikudali kudziteteza. Choncho wapolisi wofika pamalo a imfa amayamba kuyeza funso limene mwambo wa malamulo udasiyira khoti, ndipo amaliyeza atamva mbali imodzi yokha.

Izi n'zimene zidachitika ku Sanford, ku Florida komweko, pa 26 Febuluwale 2012. George Zimmerman, amene ankatsogolera gulu loyang'anira chitetezo m'dera lawo, adaimbira apolisi kuti waona mnyamata wokayikitsa. Wolandira foniyo adamuuza kuti palibe chifukwa chomutsatira. Patangopita mphindi zochepa, Trayvon Martin, mnyamata wakuda wa zaka 17 amene ankachokera kogula maswiti ndi chakumwa, adali atafa. Adalibe chida. Zimmerman adali ndi mabala pamphuno ndi kunkhongo, ndipo adati mnyamatayo ndiye adamuyamba n'kumamumenyetsa mutu pasimenti. Apolisi adamumasula usiku womwewo, ndipo adamangidwa mu Epulo anthu atachita zionetsero m'mizinda yambiri.

Ambiri amati Stand Your Ground ndiyo idapulumutsa Zimmerman. N'zoona pang'ono chabe. Maloya ake sadapemphe kuti mlandu uthetsedwe usadayambe. Mfundo yawo idali yoti munthu wopanikizidwa pansi alibe kothawira, ndiye nkhani yothawa siikubweramo. Komabe malangizo amene woweruza adawerengera amayi 6 a jury (gulu la anthu wamba osankhidwa kugamula mlanduwo) adali ndi mawu oti Zimmerman sadali wokakamizidwa kuthawa. Pa 13 Julaye 2013 adamupeza wosalakwa. Chidamupulumutsa kwenikweni n'chakuti boma limayenera kutsimikizira popanda chikayiko kuti sikudali kudziteteza, pomwe panalibe vidiyo ya ndewuyo, kunali mdima ndi mvula, ndipo munthu yekhayo amene akadatsutsa za mmene idayambira adali m'manda.

Ochirikiza lamuloli ali ndi mfundo yosafunika kuinyoza. Amati n'kulakwa kuti munthu amene wachita kuputidwa azidzafunsidwa ndi anthu okhala phee m'khoti chifukwa chake sadaone khomo lothawira m'kamphindi ka mantha. Ndimagwirizana nawo pamenepo. Koma malamulo akalewo ankafuna kuthawa pokhapokha ngati kukadatheka popanda chiopsezo, choncho wopanikizidwadi adali wotetezedwa kale. Amene lamulo latsopanoli lidamuwonjezera chitetezo ndi munthu amene akadatha kuchokapo koma sadafune. Kafukufuku amene adatuluka m'magazini ya madokotala ya JAMA Internal Medicine adapeza kuti lamuloli litayamba kugwira ntchito, chiwerengero cha anthu ophedwa ku Florida chidakwera ndi pafupifupi 24 pa 100 alionse, ndipo cha ophedwa ndi mfuti chidakwera kuposa apo.

Ku Malawi, malamulo okhudza milandu yaupandu amati nkhani yodziteteza iziweruzidwa motsatira mfundo za malamulo a ku England. Kumeneko munthu sakakamizidwa kuthawa, koma khoti limaloledwa kuganizira za mpata wothawawo poyesa ngati zimene adachita zidali zoyenera. Ngakhale mwini nyumba sapatsidwa ufulu wopanda malire. Mu 1999 mlimi wa ku Norfolk ku England, Tony Martin, adawombera kumsana mnyamata wa zaka 16 amene adathyola nyumba yake usiku. Khoti lidamupeza wolakwa pa mlandu wopha mwadala, ndipo pa apilo chigamulocho chidatsitsidwa chifukwa cha vuto lake la m'maganizo, osati chifukwa choti adali kudziteteza.