Kusaina pempho la ku Nyumba ya Malamulo si kugulitsa mwana

Pamaliro ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti amene akusainitsa anthu pempho lofuna lamulo la zoberekerana ana (pamene mayi amanyamula mimba m'malo mwa banja losabereka) ndi ogulitsa makanda, ndipo mwamuna amakagona ndi mayi wonyamula mimbayo ngati zija za fisi. Zinandipweteka, chifukwa pambali pawo panali mlamu wanga amene wakhala zaka 9 pabanja wopanda mwana, ali chete, maso pansi.

Zimenezi n'zabodza. Madokotala amaphatikiza dzira ndi umuna ku labotale, kenako n'kuika kamluzako m'chiberekero cha mayi amene wavomera yekha. Palibe zogonana.

Kusainako ndi ufulu: gawo 149 la malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 limalola nzika ndi okhazikika m'dziko muno kupempha Nyumba ya Malamulo kuti iganizire nkhani. Zimbabwe ilibe lamulo lapadera la zoberekerana, ndiye mkangano ukabuka, wovutika ndi mwana ndi mayi uja. Ku South Africa, lamulo la ana la 2005 limafuna kuti khoti lalikulu livomereze mgwirizano mimba isanakhale, ndipo limaletsa kuchita zimenezi ngati malonda.