Tanthauzo la mayina akale a matenda m'zikalata za Chingerezi

Amene amawerenga mabuku akale a zipatala za mishoni, makalata a atsamunda kapena zikalata za imfa amakumana ndi mawu ngati consumption, dropsy, ague ndi apoplexy. Ambiri amalakwitsa pofuna kupezera liwu lililonse matenda amodzi a masiku ano. Madokotala a nthawi imeneyo ankatcha dzina potengera zimene maso awo aona, chifukwa chimene chikuyambitsa vutolo sankachidziwa.

Consumption limatanthauza kudyeka. Wodwala ankaonda mpaka kutsala mafupa okhaokha, akutsokomola magazi. Kawirikawiri chinali chifuwa chachikulu cha TB, koma dokotala wa ku Germany Robert Koch asanapeze kachilombo kake mu 1882, matenda ena oondetsa, monga khansa, ankalowanso m'dzina lomweli. Choncho yang'anani kaye chaka chimene chikalatacho chinalembedwa.

Dropsy ndi liwu limene limasokoneza kwambiri. Si matenda, koma chizindikiro: madzi odzaza m'miyendo, m'mimba kapena m'chifuwa. Gwero lake likhoza kukhala mtima wofooka, impso zowonongeka, chiwindi, kapena kusowa zakudya zomanga thupi. Apa zaka za wodwala zimathandiza. Kutupikana kwa nkhalamba kumaloza kwambiri ku mtima, pomwe kwa mwana wongoleka kuyamwa kumaloza ku kunyentchera. Wolemba mbiri ya banja amene angonena kuti "agogo anamwalira ndi mtima" chifukwa waona dropsy wapitirira malire a umboni umene ali nawo.

Ague kunali kutentha thupi kobwera ndi kunjenjemera, kumaleka n'kubweranso. Nthawi zambiri anali malungo, koma osati nthawi zonse, monga momwe ifenso timatchulira kutentha thupi kulikonse kuti malungo tisanayezetse magazi. Ngakhale liwu loti malaria linachokera ku Chitaliyana, mal aria, kutanthauza mpweya woipa, poti ankaganiza kuti vuto ndi nthunzi ya m'madambo. Dokotala wa ku Britain Ronald Ross anadzapeza tizilombo toyambitsa malungo m'thupi la udzudzu mu 1897, patapita zaka 16 amishoni a Livingstonia atasamuka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe pothawa imfa za malungo.

Samalani kwambiri ndi blackwater fever, limene limapezeka kawirikawiri m'zolemba za Nyasaland. Si likodzo ayi. Pa likodzo magazi ofiira amatuluka makamaka pomaliza kukodza, ndipo munthu amatha zaka akuyenda nalo. Pa blackwater fever maselo ofiira a magazi amasweka ambiri nthawi imodzi chifukwa cha malungo oopsa, makamaka mwa anthu amene ankamwa kwinini modukizadukiza. Mkodzo wonse umada ngati tiyi wopanda mkaka, impso zimatha kuleka kugwira ntchito, ndipo munthu ankatha kumwalira m'masiku ochepa.

Ena ndi osavuta. Lockjaw ndi kafumbata, falling sickness ndi khunyu, scrofula ndi TB ya mwanabere wa m'khosi. Apoplexy kawirikawiri inali sitiroko, ngakhale imfa iliyonse yadzidzidzi, munthu atangogwa n'kukomoka, inkathanso kulembedwa choncho.

Pomasulira chikalata chotere, kopani liwulo monga linalembedwera, kenako lembani chizindikiro chimene likunena. Dzina la matenda a masiku ano liikeni pokhapokha mawu ena a pa tsambalo, monga masiku amene munthu anadwala kapena mankhwala amene anapatsidwa, akugwirizana nalo.